Msikizi wa NyaMhango

Chokaniko uko. Lusungu, ndikunena iwe ndi mng'ono wakoyo. Mwafika dzana lomweli ndipo mwapeza kale malo oti muferepo? Bwerani mukhale pakhonde pano, mbali ino, mtengowo muziuonera patali. Iwe Vitumbiko, kafoni kako ika m'thumba, netiweki kuno imagwira ukakwera pachulu, ndipo pachulupo pali linthumbu. Ndilankhula Chichewa, poti Chitumbuka chanu cha ku Lilongwe chimathera pa "yewo" ndi "nili makora". Mukamva ndasakaniza musaseke, lilime langa linakhwima ndisanachiphunzire.

Mwamva kuti mawa kubwera anthu odzadula msikizi uwo, ndipo kuyambira dzulo mwakhala mukunong'onezana kuti kodi agogo mutu ukuyenda bwino, mtengo wobiriwira chonchi, mthunzi woti ng'ombe khumi n'kugonapo. Ndakumvani, makutu anga sanafe onse awiri. Mtengowo ndi wowola m'kati. Wapendekera nyumba ino, ndipo pansi pa nthambi yaikulu iyo pali chipinda chimene takhala tikugonamo ine ndi agogo anu aakazi, NyaMhango. Nkhani yake ndi imeneyo. Koma kuti tifike povomerezana kuti udulidwe patenga miyezi inayi, ndipo miyezi imeneyo m'nyumba muno munalibe mtendere.

Inu mumandidziwa ngati nkhalamba yokhalira kukangana ndi wailesi, koma ine ndinali wosema mabwato. Asodzi a ku Ngara ankandidziwa, ankati bwato la Msiska silimwa madzi. Anandiphunzitsa ntchitoyi ndi adada aang'ono, mng'ono wawo wa bambo anga, munthu wosalankhulalankhula amene ankaphunzitsa ndi chigongono. Mvula ikatha, udzu utayamba kuuma, tinkanyamuka anthu anayi kapena asanu kulowera kumapiri uko, kumtunda kwa Vinthukutu, titasenza nkhwangwa, kasemasema, ufa wa kondowole ndi usipa wouma. Nkhwangwa zake sizinali za m'sitolo izi zimene zimapindika zikangoona mfundo. Ankatisulira ndi mkulu wina kuchokera ku sipuling'i ya lole, ndipo yanga ikadalipo, ili kuseri kwa chitseko. Tinkagona komweko masabata atatu, nthawi zina mwezi, m'misasa ya masamba. Usipa ukatha tinkadya zimene thengo latipatsa, ndipo zina mwa izo sindingazitchule pamaso pa anthu odya tchipisi. Bwato likatha tinkatumiza uthenga kumudzi, amuna n'kubwera ndi zingwe za luzi, kulikoka pamitengo yogoneka pansi, kutsika nalo phiri mpaka kunyanja. Masiku awiri, mwina atatu, kukoka kokhakokha. Inu kuchoka pamsewu kufika pano mumafunsa ngati kuli kabaza.

Usanagwetse mtengo umayamba waugogoda. Umatembenuza nkhwangwa n'kumenya thunthu ndi kumsana kwake, utatchera khutu. Mtengo wabwino umayankha mwachidule, kuti gu, ndipo nkhwangwa imabwerera m'manja mwako. Wowola m'kati umalira ngati ng'oma, mawu ake amachedwa kutha. Umagogoda kuzungulira thunthu lonse, kuyambira m'munsi mpaka pamene mkono wako wafika. Ine chaka changa chachiwiri ndinachita phuma. Ndinaona mbawa yowongoka bwino, ndinagogoda kawiri kongochotsa mwambo, n'kuuza anzanga kuti tiyambepo. Tinagwetsa, tinasema kunja masiku asanu ndi limodzi, mphuno ya bwato itaoneka kale, kenaka kasemasema anangolowa yekha, m'kati muli utuchi wonyowa ndi chiswe. Adada aang'ono sanandikalipire. Anangoti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, n'kundisenzetsa zida za anthu onse pobwerera kumudzi. Kuyambira pamenepo palibe mtengo umene unandinamizanso.

Ntchitoyo inatha yokha. Mitengo ikuluikulu inayamba kusowa, a zankhalango anayamba kuletsa, asodzi anayamba kufuna maboti a matabwa ndi injini, ndipo msana wanga nawo unanena zake. Chimene chinatsala ndi khutu. Mpaka lero ndikadutsa pamtengo wachilendo dzanja limandiyabwa kuti ndiugogode.

Nyumba yathu yoyamba sinali pano. Titakwatirana ndi NyaMhango tinkakhala pamudzi wa bambo anga, kuseri kwa chulu uko, pamene pali chigayo tsopano. Kuno kunali thengo, khwawa ili likuyenda madzi mpaka mwezi wa Ogasiti, ndipo msikiziwo unali kamtengo koti munthu n'kukagwira ndi manja awiri zala n'kukumana. Anthu atachuluka pamudzi, bambo anati aliyense wa ife ana awo asankhe malo ake. Ine ndinafuna kumsewu, kuti asodzi azindipeza msanga. Agogo anu anati kuno. Ndinawauza kuti kuno kuli udzudzu, dothi lake ndi lamakande long'aluka m'chilimwe, chitsime chili kutali. Anati kuno. Mukuwadziwa agogo anu, sakweza mawu, amangobwereza omwewo mpaka iwe utatopa. Ndinamanga kuno, ndipo kwa zaka zambiri ndinkawaseka pamaso pa alendo kuti mkazi wanga anakwatiwa ndi mtengo, ine ndinangobwera kudzamanga nyumba.

Mtengowo unatithandiza, sindikana. Bambo anu ndi abale awo anakulira pansi pake. Nthanga zake zofiira zija agogo anu ankaziviika m'madzi n'kufinya, msuzi wake woyera n'kuthira m'chigwada, poti masiku amenewo mafuta ophikira tinkawaona pa Khirisimasi pokha. Zotsala ankayenga mafuta odzola, ndipo ana a nyumba ino sankatuwa miyendo. Iwe Lusungu usakwinye nkhope, mafuta ako a m'botolowo sudziwa n'komwe kuti anaikamo chiyani. Pansi pa mtengo ankasesa m'mawa uliwonse, ngakhale tsiku limene akudwala malungo, ndipo sankalola munthu kutayapo madzi otsukira mbale kapena kumangirirapo mbuzi. Ine ndinkati ndi ukhondo chabe.

Amene anauvulaza mtengowo ndi ine, ndisanamizire mphepo kapena mphenzi. Chaka chimene bambo anu ankalemba mayeso a Sitandade 8, mtondo wathu unang'ambika, ndipo pamsikizi panali nthambi yaikulu, yonenepa ngati chiuno cha munthu, yoti n'kutulukamo mtondo wabwino. Ndinkadziwa kuti ndikapempha andikaniza. Ndiye ndinadikira Lachinayi, tsiku limene agogo anu amapita kumapemphero a amayi, n'kukwera. Inali nthawi ya mvula, ndipo ndinadula mopingasa, bala lake likuyang'ana kumwamba ngati mbale. Mmisiri aliyense amadziwa kuti nthambi umadula mopendeketsa kuti madzi azitsetsereka. Ndinkadziwa ndithu, koma ndinkafuna nditsike iwo asanabwere. Atabwera anaima n'kuyang'ana balalo nthawi yaitali, Baibulo lili m'manja. Mtondo ndinasema, wabwino kwambiri, koma sanasinjiremo ngakhale kamodzi. Ankapita kukabwereka kwa anansi, wanga uli pakhonde nkhuku zikuikiramo mazira. Sabata yathunthu ankandipatsa chakudya osandiyang'ana.

Madzi analowa pabala paja chaka ndi chaka. Mtengo suwola tsiku limodzi. Pamwamba masamba ali biriwiri, m'kati chiswe ndi chinyezi zili pa ntchito. Pabalapo panasanduka mphako, munalowa njuchi, zinachoka, munalowa mileme. Ine zonsezi ndinkaziona n'kumayang'ana kumbali, poti wolakwa ndinali ine.

M'mwezi wa Ogasiti chaka chino, mwera utakula, ndinali pakhonde pomwe pano masana ndikuika mpini kukhasu, ndipo ndinamva mtengo ukulira ngati chitseko chadzimbiri. Ndinapita kukaona. Pathunthu panali mng'alu kuyambira pamphako kutsika mpaka m'chiuno mwanga, ndipo mphepo ikawomba mng'aluwo unkatseguka n'kutsekeka. M'munsi, mbali yoyang'ana kunyumba kuno, munamera bowa wouma uja wonga makutu, amene amamera pamene mtengo wafa. Ndinakatenga nkhwangwa yanga n'kugogoda. Ng'oma yeniyeni. Ndinazungulira pang'onopang'ono monga anandiphunzitsira. Mbali ya kum'mawa yokha, yoyang'ana kukhwawa, ndiyo inayankha bwino, koma malo ake ochepa, ngati zikhatho zitatu. Ndinatenga bango lalitali n'kulowetsa pamng'alu. Linalowa lonse osagunda kanthu, ndipo potuluka linali ndi matope akuda onunkha.

Mvetsani bwino apa, poti mwina tsiku lina mudzakhala ndi mitengo yanu, ngati ku Lilongwe idzakhale itatsalako. Mphako payokha siipha mtengo. Bwato nalonso ndi mtengo wamphako, koma limasenza amuna asanu ndi makoka awo. Chofunika ndi khoma lotsalalo, kuti ndi lochindikala bwanji, ndipo lazungulira monse kapena ayi. Ilipo mikuyu kumapiri uko yoti munthu n'kubisalamo mvula, ndipo imeneyo idzaona maliro anga. Koma mtengo ukawola mbali imodzi mpaka kumizu, n'kupendekera mbali yomweyo, ndiye kuti watsala ndi dzinja limodzi, ukachita mwayi awiri. Dothi lathu lino likanyowa limafewa, silithandiza mtengo kuima.

Ndinawauza agogo anu tsiku lomwelo. Ndinafotokoza zonse mwaumisiri, za mng'alu, za bowa, za bango. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kungoti, "Yayi." Ndinafunsa kuti yayi chiyani. Anati mtengo sudulidwa. Ndinati ugwera nyumba. Anati wakhala zaka zonsezi osagwa, n'kutola mbale kupita nazo kukatsuka.

Ndinaimbira foni bambo anu. Wongani mukumudziwa, zinthu zonse amafuna zithe lero. Anati ndipereke foni kwa amama ake, awalankhule yekha. Analankhula ndithu, nthawi yaitali, ine ndikumva mawu ake akutuluka mufoni ngati njuchi. Agogo anu anamvetsera, kenaka anati sakumva kanthu, netiweki yavuta, n'kundibwezera foni. Tsiku limenelo netiweki inali bwinobwino.

Nkhani itamveka pamudzi, aliyense anasanduka mmisiri. Wina anati tithire miyala ndi simenti m'mphakomo. Ndinamuuza kuti simenti m'mimba mwa mtengo wowola ndi kungowonjezera katundu wodzatigwera. Wina anati tiumange ndi waya kumtengo wa mango uko, ngati kuti ndi mbuzi. Ine ndinaganizapo zosadza nthambi zonse kuti upepuke, koma panalibe mwana wa munthu amene ndikanamulola kukwera pamenepo, ndipo ine kukwera ndinasiya kalekale. Ndinatembenuza nkhaniyi mbali zonse, yankho linali limodzi.

Ku Mlare kuli mnzanga wa sitolo ya misomali ndi malata, Che Yusufu, Msilamu wa ku Mangochi amene anabwera kuno akugula usipa ndipo sanabwererenso kwawo. Chichewa changa chambiri ndinachiphunzira kwa iye pa bawo, ndiye mukamva cholakwika mukafunse iyeyo. Mlamu wake ali ndi makina ochekera mitengo aja mumati tcheniso. Ndinakwera minibasi kukawaona, ndipo tinapangana kuti abwere Lachinayi, agogo anu ali kumapemphero. Mwaona, nkhalamba siphunzira. Nzeru yomwe ija ya mtondo ndinaibwereza, imvi zili mbuu.

Agogo anu sanapite kumapemphero. Kaya anamva kwa ndani, mpaka lero sindidziwa, mwina anangoona mmene ndinkasuzumirira kumsewu. Pamene Che Yusufu ndi mlamu wake ankafika panjinga yamoto, anawapeza atayala mphasa patsinde penipeni, msana atatsamira thunthu, akusenda chinangwa. Anawalonjera alendowo mwaulemu wonse, kuwafunsa za kunyumba, za malonda, za ana, kunditumanso ine kuti ndiwapatse madzi akumwa. Koma pamphasapo sanasunthe. Mlamu uja analiza makina ake kuti ayese, phokoso loti nkhuku zonse zinathawira kukhwawa. Agogo anu anatenga chinangwa china n'kupitiriza kusenda. Che Yusufu anakweza dzanja kuti makina azimitsidwe.

Ndinakwiya, ndipo ndinalankhula zoipa pamaso pa alendo. Ndinati mayi awa akufuna tife tonse chifukwa cha nthanga zothira m'ndiwo. Tinakhala mpaka dzuwa linafika pamutu, dengu la chinangwa linadzaza, iwo n'kuyamba kusendanso chimene anasenda kale.

Powaperekeza kumsewu, Che Yusufu anaima n'kunena kuti, "A Msiska, mitengo mumaidziwa, pamenepo sindingakutsutseni. Koma mayiwa mwawafunsa chifukwa chake?"

Ndinati ndawauza zonse, palibe chimene ndabisa.

"Kuwauza mwawauza," anatero. "Ine ndikuti kuwafunsa."

Ndinamuuza kuti azikagulitsa misomali. Paja amati safunsa anadya phula, koma munthu amene akudya phulayo samva mwambi. Ndinakhala miyezi iwiri osafunsa. Ndinasamutsa bedi kupita kuchipinda cha kumsewu, agogo anu n'kutenga mphasa kubwerera kuchipinda chakale, poti kusamuka kukanakhala kuvomera kuti mtengo ndi wowola. Tinkalankhulana za mbuzi, za mchere, za maliro a m'mudzi, koma za mtengo ayi. Kukatentha kwambiri ndinkayang'ana kumwamba n'kumawerenga mitambo. Ndinkaopa, ana inu, ndipo manthawo ankatuluka ngati ukali.

Mvula yoyamba inabwera kumapeto kwa Novembala, masana, ndi chimphepo. Nthambi ina youma inathyoka n'kuboola lata pamwamba pa chipinda chawo chija, n'kuima pamphasa pomwe amagonapo. Mwamwayi anali kukhitchini. Lata latsopano limene mukuliona likunyezimira ilo ndi la pamenepo.

M'mawa mwake ndinawapeza akusesa masamba patsinde monga mwa masiku onse. Ndinakhala pamuzu n'kunena kuti, "NyaMhango, ine kukangana ndatopa. Mtengo uwu uli ndi chiyani?"

Anapitiriza kusesa mpaka anamaliza, n'kutsamiritsa tsache pathunthu. Kenaka anazungulira mbali ya kum'mawa, n'kuima pafupi ndi mizu iwiri ikuluikulu imene yatuluka panja ija.

"Mwana wathu woyamba ali apa," anatero.

Apa ndiyenera kubwerera m'mbuyo, poti zimenezi simunazimvepo. Bambo anu si oyamba kubadwa m'nyumba muno. Chaka chachiwiri cha ukwati wathu agogo anu anali oyembekezera, ndipo ine ndinapita kumapiri kukasema bwato, titawerengera kuti ndibwera nthawi isanakwane. Mwana anafulumira. Anabadwa ine kulibe, anakhala tsiku limodzi, n'kutisiya. Mwa mwambo wa masiku amenewo, mwana womwalira asanatuluke m'chikuta, mchombo usanagwe, sankamuyesa maliro. Ankati nthayo. Panalibe kulira, panalibe nyimbo, panalibe bokosi. Amayi akuluakulu okhaokha ankamukulunga m'kansalu n'kupita naye kuthengo, kumalo a chinyezi, amuna osadziwa kumene apita. Mayi wa mwanayo ankamuletsa kulira, ati akalira sadzaberekanso. Sindikuti amayi amenewo anali ouma mtima. Ana ankafa ambiri masiku amenewo, ndipo anthu anapeza njira yawo yoti moyo uzipitirira. Lero mwana amabadwira kuchipatala, bambo ake ali pakhomo ndi foni, dzina analisankha kale mimba ili ndi miyezi itatu.

Ine nditatsika kuphiri ndi bwato, amuna akuimba pokoka, amama anga anandikokera pambali. Anati ulendo uno sizinayende, mkazi wako ali bwino, usafunse zambiri. Sindinafunse. Ndinali mwana womvera, ndipo kunena zoona kusafunsako kunandipepukira. Bwatolo ndinakagulitsa ku Ngara sabata yomweyo.

Agogo anu nawonso sanauzidwe malo. Koma patapita miyezi ingapo, akutola nkhuni kuno ndi mkazi wa adada aang'ono aja, mayiyo anaima pafupi ndi kamsikizi n'kuloza pansi ndi mlomo, poti pamanda saloza ndi chala. Kenaka anangopitiriza kutola nkhuni. Amayi onse amene anapita kukataya tsiku limenelo anatha kalekale. Wodziwa malowo anatsala NyaMhango yekha.

Zaka zoposa makumi asanu ndakhala ndikudutsa pamenepo, kutsamiritsapo njinga, kunola nkhwangwa pamwala uli pomwepo, kuseka ndi alendo za mkazi wokwatiwa ndi mtengo. Ndinachita manyazi amene sindinawamvepo chibadwire. Ndinafunsa funso limene ndikanafunsa tsitsi langa lili lakuda.

"Anali mwana wanji?"

"Wamkazi. Anali ndi tsitsi lambiri."

Ndinafunsa chifukwa chake sanandiuze zaka zonsezi. Anati anawalangiza kuti amuna sauzidwa, ndiponso ine sindinafunse.

Pomwepo ndinatembenuka. Ndinati mtengo sudulidwa, munthu asaukhudze. Ndinati chipinda ichi tigumula, timanga china kumsewu, njerwa ndiumba ndekha. Ndinakatenga nkhwangwa n'kuyambanso kugogoda, koma tsopano ndikusankha malo oti andiyankhe bwino, n'kumanena kuti mwamva, mbali ino ndi yolimba, mwina ukhala zaka zisanu, mwina khumi. Agogo anu ankangondiyang'ana. Akhala ndi wosema mabwato moyo wawo wonse, kulira kwa mtengo amakudziwa.

"Adada a Wongani, musandinamize. Ukagwa wokha, ugwa bwanji?"

Ndinafuna kunama, koma pa za mitengo sindidziwa kunama. Ndinawauza kuti ugwera kunyumba, poti mizu ya mbali imeneyo inafa. Mizu yamoyo ndi ya kum'mawa, ndipo mtengo waukulu ukamagwa dothi litanyowa suthyoka ngati ndodo, umazula mizu yamoyoyo n'kuitukula m'mwamba pamodzi ndi dothi lake lonse, n'kusiya dzenje loti ng'ombe n'kugweramo. Ndaziona kambirimbiri kumapiri. Ndili pakati pofotokoza ndinamva zimene ndikunena, ndipo ndinasiya.

Anayang'ana pakati pa mizu iwiri ija.

"Amayi aja sanakumbe kwambiri," anatero. "Nthayo sakumbira mozama."

Kenaka anafunsa kuti tikadula ndi makina, mizu itani. Ndinati mizu ikhala mmene ilili, dothi silisuntha, ndipo chitsa tisiya chofika m'chifuwa. Anafunsa ngati chitsacho chidzaphuke. Ndinati msikizi umaphuka, koma uwu wadwala kwambiri, sindingalonjeze. Anatola tsache lawo.

"Kaitaneni anthu anu aja. Koma asabwere Lachinayi, ndikufuna ndikhalepo."

Mphasa yawo anasamutsa tsiku lomwelo, okha, popanda kuuzidwa. Anapempha chinthu chimodzi, kuti tidikire sukulu zitseke, Wongani abwere ndi ana. Ndinkaopa kudikira, mvula itayamba kale, koma nthawi ino sindinatsutse. Anati ana amve, koma muwauze ndinu, ine anandiletsa kulira ndipo sindidziwa kuti ndikayamba ndidzasiya liti. N'chifukwa chake ali kukhitchini uko akupeta mpunga umene anapeta kale, ndipo musapite kukawafunsa mafunso. Bambo anu ndawauza m'mawa uno, ndiye mwawaona atsikira kukhwawa okha osamwa tiyi.

Mawa Che Yusufu ndi mlamu wake afika dzuwa lisanakwere. Amuna a m'mudzi abwera ndi zingwe, tiukokera kumunda wa chinangwa, chinangwacho chiwonongeke palibe kanthu. Inu mukaime kumsewu mpaka mutamva kuti wagwa, ndipo iwe Vitumbiko, ukafuna kujambula ujambulire komweko. Ukagwa ndiye mubwere mudzakoke nthambi, manja a ku Lilongwe aoneko ntchito. Muzikokera kumunda, musazungulire mbali ya kukhwawa. Pakati pa mizu iwiri ija ndaikapo miyala itatu. Musapondepo, ndipo musaunjikepo nkhuni. Pagona azakhali anu.